Bala lalembedwa, chomwe chavulaza munthu sichinalembedwe: kukonza kaundula wa ovulala

Mwezi ukamatha, aliyense amene amawerengera odwala m'zipatala za kuno kum'mawa kwa Zambia amakumana ndi vuto lomwelomwelo. Mukatsegula kaundula wa ku casualty mupeza "RTA" (ngozi ya pamsewu), "fracture", "cut wound", "burns", "assault", tsamba ndi tsamba. Bala lalembedwa bwino, mankhwala alembedwa, amene anasoka wasaina. Koma mukafuna kudziwa ngati munthuyo anali wapansi kapena anali pa njinga, ngati mwana anapsa ndi phala kapena anagwera pa mbaula, ngati ngoziyo inachitikira pa Great East Road kapena m'kanjira ka kumunda, buku lonselo silikuyankhani. Lipoti limapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi nambala imodzi ya ovulala, n'kulowa mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta yosungira ziwerengero za zaumoyo, n'kuthera pomwepo. Nambala yoteroyo simungapite nayo ku khonsolo kapena ku RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, kukapempha mahampu pafupi ndi sukulu, chifukwa siikutchula msewu wake, ngakhale anthu amene akugundidwawo.

Nkhaniyi si yaing'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuvulala kumapha anthu pafupifupi 4.4 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo lipoti lake la 2023 linati ofera pamsewu okha ndi pafupifupi 1.19 miliyoni. Malungo tikudziwa komwe amachokera, n'chifukwa chake timagawa maneti ndi kupopera m'nyumba. Kuvulala nakonso kuli ndi komwe kumachokera, ndipo amene amamva nkhani yake ikadali yamoto ndife a pakhomo la chipatala. Tikapanda kuilemba pamenepo, palibenso wina adzaimva.

Bala ndi chomwe chalibweretsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ICD-10, buku la WHO lopatsa nambala matenda ndi kuvulala kulikonse, inazipatula. Chaputala 19, manambala S00 mpaka T98, chimanena chimene chawonongeka m'thupi. Chaputala 20, V01 mpaka Y98, chimanena chimene chachititsa. Mwendo wothyoka m'munsi mwa bondo ndi S82, kaya mwiniwake wagwa mu mtengo wa mango (W14), kaya wamenyedwa ndi mpini (Y00), kaya wagundidwa ndi minibasi akudutsa msewu. Kwa woika pulasitala atatuwa ndi amodzi, pamene kwa wofuna kupewa ndi nkhani zitatu zopita ku makomo atatu osiyana. Malangizo amene WHO ndi CDC, bungwe la ku America lolimbana ndi matenda, anatulutsa mu 2001 okhudza kalondolondo wa ovulala amapempha zinthu zisanu ndi zitatu zokha monga poyambira: nambala ya wodwala, zaka, mwamuna kapena mkazi, ngati zinali zadala kapena zangozi, malo, chimene ankachita, chimene chamuvulaza, ndi mtundu wa bala. Zinayi mwa izi timalemba kale. Zotsalazo ndi zimene zimasowa.

Yambani mwapeza pamene pakudontha

Anthu ambiri akaona vutoli amathamangira kupanga fomu yatsopano. Musayambire pamenepo. Denga likamadontha simugula malata musanakwere kukaona pomwe madzi akulowera.

Tengani mafayilo makumi atatu a ovulala a mwezi watha, osasankha, ena a usana ena a usiku. Pa aliyense yang'anani malo atatu: zimene analemba a kiliniko ofesa kapena adokotala pa khadi, zimene zili m'kaundula, ndi pamene munthuyo anaikidwa mu lipoti la mwezi. Ntchito ya madzulo amodzi imeneyi ikuuzani vuto limene muli nalo, pakuti mavutowo amaoneka ofanana koma mankhwala ake ndi osiyana.

Ngati nkhani ili pa khadi koma m'kaundula mulibe

Ili ndi losavuta. Kaundula ali ndi danga limodzi la "diagnosis", ndipo munthu wotopa alembamo mawu amodzi. Pa khadi pamati "anagundidwa ndi njinga yamoto akuyenda pansi pafupi ndi msika", m'buku mwangotsala "RTA". Kaundula wa boma musamusinthe nokha. Kambiranani ndi mkulu wa chipatala ndi amene amayang'anira ziwerengero ku ofesi ya boma, kenako ikani kabuku kapadera pambali pake, kogwiritsa ntchito nambala yomweyo ya wodwala, kokhala ndi madanga anayi osowawo. Njira ina imene ine ndimaikonda koposa ndi chidindo: chidindo chimodzi cha mizere inayi, chodindidwa pa khadi la wovulala aliyense, choti wolemba angozunguliza yankho. Kumene mukugwiritsa ntchito SmartCare, pulogalamu yosungira mafayilo a odwala pa kompyuta, vuto limabwera mwa mtundu wina: nkhani imalembedwa bwino m'malo olemba momasuka, koma aliyense m'mawu akeake, moti pofuna kuwerengera muyenera kutsegula fayilo imodziimodzi. Gwirizanani mawu ochepa oti aliyense aziyambira nawo, mwachitsanzo "wapansi", "wopalasa", "wokwezedwa", kuti pofufuza azipezeka.

Ngati nkhani ili m'kaundula koma mu lipoti yamezedwa ndi "other", ndiye kuti vuto lili pa tebulo la wowerengera, ndipo mungolemba chidule chanuchanu chotsagana ndi lipotilo.

Ngati sinalembedwe paliponse

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa zikutanthauza kuti palibe amene anafunsa, kapena anafunsa kamodzi n'kukhutira ndi yankho loyamba.

Choyamba chimveke: moyo patsogolo. Munthu akuvutika kupuma kapena magazi akutuluka, palibe amene agwire cholembera. Koma ganizirani amene amadziwa zomwe zachitika. Nthawi zambiri si wovulalayo ayi. Ndi mnyamata wa njinga amene wamubweretsa, dalaivala wa kanta amene anamutola pamsewu, kapena mlamu wake amene anali naye kumunda. Anthu amenewa sakhalitsa. Wa njinga akufuna kubwerera ku ntchito, dalaivala akuopa kuti amutenga ngati mboni kapena amunamizira kuti ndiye wagunda. Pofika nthawi imene wodwala wakhazikika, iwo anapita kalekale. Choncho mafunsowa ndi a munthu amene akutsegula khadi pakhomo, pa mphindi zomwezo pamene anzake ali pa wodwala, ndipo ayambe ndi kumasula woperekezayo: "Achimwene, zikomo pomubweretsa. Dzina lanu sitilemba. Mungotiuza pomwe mwamupeza ndi zomwe mwaona."

Wovulala akatha kuyankhula yekha, yankho loyamba limakhala lalifupi nthawi zonse. Tiyerekeze bambo wachikulire wabwera atagwirizira dzanja.

"Chachitika n'chiyani, atate?"

"Ndagwa, mwanawanga."

Ambiri amalekera apa n'kulemba "fall". Funso limodzi lowonjezera limasintha zonse.

"Pepani. Mwagwa kuchokera pati?"

"Pa ngolo. Ng'ombe zinadzidzimuka ndi lole, ngolo n'kupendama."

"Munali pamsewu waukulu kapena m'munda?"

"Pamsewu wa ku Chadiza, tikupita ndi chimanga kokagulitsa."

Munthu ameneyu si wa "kugwa". Ndi ngozi ya pamsewu, ndipo ICD-10 ili ndi malo ake a okwera zokokedwa ndi ziweto, V80. Mzinda umene ulibe ngolo sungasamale za nambala imeneyi, koma ife kuno tiyenera kuisamala.

Pa ngozi iliyonse ya pamsewu pali mafunso atatu amene sayenera kudumphidwa: munthuyu anali ndani pamsewupo, anagundana ndi chiyani, ndipo zinachitikira pati. Chipata ndi tauni ya njinga, ndipo masiku ano njinga zamoto zonyamula anthu zachuluka kwambiri. Wodwala akati "ndinali pa njinga", funsani ngati ndi yopalasa kapena yamoto, ngati ankayendetsa kapena anakwezedwa, ndipo ngati ndi yamoto, ngati anavala helemeti. Wapansi ali pa V01 mpaka V09, wa njinga yopalasa V10 mpaka V19, wa njinga yamoto V20 mpaka V29. Sikuti namwino wa usiku aloweze manambalawa. Iye azunguliza mawu, wowerengera ndiye adzaike nambala.

Malo nawonso amasokoneza. Danga la "malo" limadzazidwa ndi mudzi ndi mfumu ya kumene wodwala amakhala, chifukwa ndi zimene tinazolowera kufunsa. Koma munthu wa ku Vubwi akhoza kugundidwa pafupi ndi msika wa Kapata. Lembani pomwe wavulalira, ndi chizindikiro chimene wina aliyense angachipeze: mphambano yakuti, mlatho wakuti, patsogolo pa sukulu yakuti. Kulemba "Chipata" kapena "pamsewu" n'chimodzimodzi kusiya popanda kanthu. Lembaninso tsiku ndi nthawi imene wavulala, osati imene wafika. Wochokera kutali akhoza kufika mawa lake, ndipo mukalemba nthawi yofikira, ngozi za Loweruka usiku zonse zidzaoneka ngati za Lamulungu masana.

Wokomoka amene wabwera popanda womudziwa, lembani "sichinadziwike". Danga lopanda kanthu silisiyanitsa amene anafunsa osapeza yankho ndi amene sanafunse n'komwe. M'mawa wina apite ku wodi ndi mndandanda wa onse a "sichinadziwike", pakuti pofika nthawiyo abale amakhala atabwera ndi phala ndipo nkhani yonse ali nayo.

Zadala kapena zangozi

Danga limeneli ndi limene limanama kwambiri, ndipo silinama chifukwa cha ulesi wa wolemba.

Mayi wabwera ndi diso lotupa ndi bala pamutu, akuti wagwa pa chitsime. Mwamuna wake waima pambali, ndiye akuyankha mafunso ambiri. Mukalemba "fall" mwalemba zimene mwauzidwa, koma mwina mwakwirira chinthu chimene chidzamubweretsenso, ulendo wina ali pa machira. Mukalemba "assault" mongoganiza, mwaika m'buku la boma mawu amene mwiniwake sananene. Zonse ziwiri si zabwino. Chofunika ndi kupeza mpata woti mayiyo akhale yekha, ndipo mpata umenewo ulipo kale: pomutsuka bala kapena pomupima kuseri kwa nsalu, woperekeza adikire panja, ndipo likhale lamulo la aliyense kuti pasaoneke ngati mwasankha banja limenelo. Mufunse motsitsa mawu: "Amayi, mabala ngati awa nthawi zina amabwera munthu akamenyedwa. Pali amene wakupwetekani? Zimene munene pano sindikauza amene mwabwera nawo." Ena anena, ena akana. Akakana koma mabala sakugwirizana ndi nkhani yake, pali malo ake olembapo: cholinga chosadziwika, Y10 mpaka Y34. Pa khadi fotokozani mabalawo monga mwawaonera.

Anthu ambiri amabisa chifukwa choganiza kuti akangonena kuti amenyedwa, basi nkhani yafika kupolisi, mwamuna wamangidwa, ana agona ndi njala. Ena amaganiza kuti popanda pepala la kupolisi sathandizidwa. Afotokozereni kuti chithandizo chili patsogolo, ndipo kabuku kowerengera si pepala la kupolisi. Koma musalekere pa kuwerengera. Dziko lino lili ndi lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011, apolisi ali ndi nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, Victim Support Unit, ndipo m'zipatala zina muli One Stop Centre, kumene wochitiridwa nkhanza amapeza thandizo lonse pamalo amodzi. Kufunsa munthu funso lolemera chotere kenako n'kumusiya apite popanda kumuuza komwe angathandizidwe, kumeneko ndi kumulakwira. Akakhala mwana, nkhani siyodikira chilolezo cha amene wamubweretsa. Itanani a zachitetezo cha ana monga mwa ndondomeko ya chipatala chanu.

Poizoni nayenso ali ndi nkhope ziwiri. Kuno timalima thonje, fodya ndi ndiwo za kudimba, ndipo mankhwala opopera amakhala m'nyumba zambiri, nthawi zina atathiridwa m'botolo la chakumwa. Mwana amene wamwa mosadziwa ndi X48. Mnyamata amene wamwa dala atakangana ndi a kwawo ndi X68. M'kaundula onse awiri amangokhala "poisoning", chonsecho woyamba akufuna kuti makolo aphunzitsidwe kasungidwe ka mankhwala, wachiwiri akufuna munthu wokhala naye pansi asanatuluke m'chipatala. Abale amachita manyazi ndipo amati "anasokoneza botolo". Musakangane nawo. Dikirani wodwala atsitsimuke, mumufunse yekha, mopanda kumuweruza. Botolo likabwera nalo, lembani dzina la mankhwalawo monga lalembedwera.

Pa ana opsa, kafunsidwe ndi kamene kamatseka pakamwa. "Munali kuti inu?" ndi funso loweruza, ndipo mayi amene akudziimba kale mlandu ayankha mwachidule kuti athane nazo. Funsani za chinthucho: chamuotcha n'chiyani, madzi, phala, mafuta, kapena moto weniweni? Chinali pansi kapena pamwamba? Moto ndi utsi zili pa X00 mpaka X09, zamadzimadzi ndi zinthu zotentha X10 mpaka X19. Munthu wamkulu akagwera pamoto, funsani za khunyu, chifukwa ameneyo akapanda kulandira mankhwala ake adzapsanso.

Amene sakuoneka, ndi amene akuoneka kawiri

Ngakhale mafunso onse afunsidwe bwino, nambala ikhoza kulakwika chifukwa cha amene alowa m'buku ndi amene sanalowe.

Obwera atamwalira kale, amene timalemba BID, nthawi zambiri amapita ku mochale osadutsa m'kabuku ka ovulala. Amenewa ndiwo ovulala koposa onse: omira, oombedwa ndi mphenzi, ofera pamalo a ngozi. Mukawasiya, ziwerengero zanu zidzanena kuti kumira si vuto kuno, pamene chifukwa chake n'chakuti womira safika ku casualty ali moyo. Kamodzi pa sabata yerekezani kabuku kanu ndi buku la ku mochale. Onaninso ku wodi, pakuti pa ngozi za pamsewu muyezo wa padziko lonse umawerengera aliyense womwalira pasanathe masiku 30 chichitikireni ngoziyo.

Olumidwa ndi agalu amapita ku OPD, koonera odwala osagonekedwa, kukafuna katemera wa chiwewe. Olumidwa ndi njoka ena amagonekedwa ku wodi mwachindunji. Kuchigwa cha Luangwa, cha ku Mambwe ndi Mfuwe, kuli ng'ona, mvuu ndi njovu, ndipo "animal bite" siisiyanitsa galu wa pakhomo (W54) ndi ng'ona ya pa dooko (W58) kapena njoka yaululu (X20). WHO inaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo chipatala chimene sichidziwa kuti chimalandira angati sichingaitanitse mankhwala a ululu wa njoka okwanira. Chidindo chikhale paliponse pamene wovulala angalowere.

Kuwerengera kawiri kumabwera m'njira ziwiri. Wobwera kudzatsukitsa bala kapena kudzachotsa ulusi amalembedwa ngati watsopano. Ndipo wotumizidwa kuchokera ku kiliniki ya kumudzi kupita ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata Central Hospital amawerengedwa uku ndi uko. Onjezani kabokosi kamodzi: woyamba kuonedwa, wobwereza, kapena wotumizidwa kuchokera kwakuti. Amene akutumiza alembe chomwe chavulaza pa kalata yotumizira, chifukwa woperekeza amene anaona zonse kawirikawiri sakwera nawo ambulansi.

Nambala zanu sizidzafanana ndi za apolisi, ndipo musazikakamize. Wogwa yekha pa njinga sapita kupolisi, wofera pamalo mwina sadutsa kwa inu. Komanso wothyoka amene wapita kwa asing'anga simudzamuona. Mukamapereka lipoti nenani poyera kuti awa ndi amene anafika kuchipatala.

Zikayenda miyezi iwiri kenako n'kufa

Izi zimachitika kawirikawiri kuposa zonse zimene ndatchulazi. Mwezi woyamba madanga onse adzaza, wachiwiri a usiku ayamba kudumpha, wachitatu chidindo chauma inki chili m'dirowa. Anthu amati ogwira ntchito alibe chidwi. Ine sindivomereza. Namwino amene waima usiku wonse ali ndi ufulu wofunsa kuti zimene akulembazi zikupita kuti, ndipo ngati sanaonepo chotuluka chake, kusiya kwake n'komveka.

Bwezerani ziwerengero kwa amene anazilemba. Pepala limodzi lomata pa khoma la ku casualty mwezi uliwonse ndi lokwanira: apansi angati, a njinga zamoto angati, malo atatu amene abwereza, ana opsa angati. Pakatha chaka mudzayamba kudzionera nokha ngati opsa amachuluka mu Juni ndi Julayi pamene mbaula zalowa m'nyumba, ngati ogwa m'mitengo amatsatira nyengo ya mango, ngati masiku a Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale kapena a Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti amafuna anthu owonjezera pa shifiti, ngati nthawi yogulitsa mbewu imabwera ndi ndewu za kumowa. Izi tonse timazinena pakamwa, koma amene amagawa ndalama ndi antchito amafuna kuziona papepala.

Kenako zitulutseni kunja kwa mpanda. Ku Cardiff, m'dziko la Wales, dokotala wa opaleshoni Jonathan Shepherd anaona kuti omenyedwa ambiri amene ankawasoka sankadziwika kupolisi. Chipatala chinayamba kulemba malo, nthawi ndi chida, n'kumapereka kwa apolisi ndi khonsolo popanda mayina, ndipo njira imeneyi inatengedwa ndi mizinda ina chifukwa ovulala pa ndewu anachepa. Zimenezi sizifuna kompyuta yodula. Zifuna kuti wina wa chipatala akhale pansi ndi a khonsolo, a RTSA, apolisi ndi mafumu, ali ndi pepala lija m'manja. Chenjerani ndi chinsinsi: dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2021, ndipo nkhani za umoyo wa munthu ndi zotetezedwa. Kuchotsa dzina sikukwanira nthawi zonse. "Mayi wa zaka 34 wa m'mudzi wakuti, womenyedwa ndi mwamuna wake" mudzi wonse umudziwa. Za nkhanza za m'banja ndi za ofuna kudzipha zituluke ngati nambala ya dera lonse, osati mudzi ndi mudzi. Kabukuko kazikhala kotsekeredwa, ndipo kasajambulidwe n'kutumizidwa pa WhatsApp.

Zina ndi zazing'ono koma ndi zimene zimapha ntchito. Ophunzira ndi antchito atsopano amasinthana pafupipafupi, choncho kuwaonetsa chidindo kukhale mbali ya tsiku lawo loyamba. Pa shifiti iliyonse pakhale munthu mmodzi wodziwika amene amaona madanga asanapereke ntchito kwa anzake. Inki ndi kabuku kena zikhalepo zisanathe. Sabata iliyonse tengani makhadi khumi muone angati ali ndi mayankho onse anayi, ndipo mukapeza kuti shifiti ina ikutsalira, kafunseni chimene chikuwavuta musanakawanene kwa akuluakulu. Nthawi zambiri mupeza kuti usiku kalaliki kulibe ndipo namwino ali yekha.

Zikayamba kuyenda, pabwera anthu opempha kuti muwonjezere mafunso: maphunziro a wodwala, ntchito yake, mtundu wa galimoto, ndalama zimene amapeza. Kanani mwaulemu mpaka madanga anayi aja atakhala akudzaza usana ndi usiku kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pambuyo pake onjezani limodzi lokha, ndipo ine ndikanasankha la mowa, lofunsidwa kwa wovulala wamkulu aliyense mofanana, kaya wavala suti kaya wabwera wopanda nsapato.